Mabatire Atatu, Maloko Awiri

6 Malichi

Mayi a Mafunso,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji kumeneko, iwe ndi mwana? Kuno kundende ndilipo, chifuwa chija chinatha. Sopo unatumiza uja anafika, koma atadulidwa pakati. Pachipata amabaya chilichonse kuti aone ngati mulibe foni mkati. Foni mu sopo, ndithu!

Ndili ndi nkhani ziwiri, ina yabwino, ina yondisowetsa mtendere. Yabwino ndi iyi. Mu Novembala kubwera komiti yoona akaidi a khalidwe labwino. Amene wagwira gawo lalikulu la chilango chake, ndipo ali ndi kalata yosonyeza kuti kunja ntchito ikumudikira, amamutulutsa nthawi isanakwane. Dzina langa lili pamndandanda. Zikatheka ndidzakhala pakhomo Novembala yemweyu, osati Julaye wa chaka chamawa. A Kapitawo aja ndinkawaikira zitseko andiyankha. Ali ndi nyumba yosanja ya zitseko zoposa zana, ndipo akuti kalatayo adzalemba, koma pokhapokha ataona ndi maso awo kuti zida zanga zikugwira ntchito. Umawadziwa, salemba mmisiri wobwera ndi manja okha.

Tsopano yachiwiri. M'chipinda mwathu mwalowa munthu wina, timangomuti Wamagetsi chifukwa ndiyo inali ntchito yake. Ndinamuuza monyadira kuti dirilo, sowo yamagetsi ndi mabatire anga atatu zili bwinobwino m'bokosi, palibe wazikhudza miyezi khumi ndi inayi. Anandiyang'ana ngati ndanena kuti ndinatsekeramo mbuzi. Akuti mabatire otchaja a masiku anowa si nyundo ayi, amakalamba ngakhale atangokhala. Ukalisiya lodzaza, makamaka pamalo otentha, limafooka mkati kunja kuli bwinobwino. Ukalisiya lopanda moto, kamoto kotsalako kamatha pang'onopang'ono mpaka limafika poti chaja imalikana, basi lafa. Akuti limafuna kusungidwa lili pakatikati, pamalo ozizira, ndi kumaliyendera pakatha miyezi itatu.

Ine ndinkayesa kuti chinthu chimatha ndi ntchito. Ndiye bokosilo lili m'shedi ya malata ija, mmene masana munthu sungakhalemo mphindi khumi. Chimvereni zimenezi mtima wanga uli m'mwamba.

Chonde ukatsegule. Upeza mabatire atatu amene ndinadontheza utoto. La dontho limodzi ndi Nkhalamba, la awiri ndi Wapakati, la atatu ndi Mzime. Lililonse lili ndi kabatani, ukadina pamayaka tinyali mpaka tinayi. Ife tikufuna tiwiri. Likachepera pamenepo utchaje mpaka tiwiri, usadzaze. Ukatero uwalowetse m'nyumba, pansi pa bedi chakukhoma kumene kumazizira. Mtundu umenewu m'masitolo unasiya kupezeka, ndipo a mtundu wina salowa mu dirilo yanga.

Undilembere kuti lililonse layatsa tinyali tingati.

Ndine mwamuna wako.

2 Epulo

Bambo a Mafunso,

Moni wafika, ifenso tilipo. Mwana akukula, nsapato zija zamuthina. Kuntchito kwathu kochapira zovala tikusita mpaka manja kutupa. Za komiti ndinawerenga kawiri.

Koma bokosi silingatseguke. Pali maloko awiri. Mmodzi ndi wanu uja, kiyi wake ali ndi ine. Wina ndi wa achemwali anu. Sindinakuuzeni chifukwa munali ndi zokwanira kale pamutu. Patangotha masiku atatu chikugamulireni, anabwera ndi loko wamkulu watsopano, wonga wa pageti, n'kumukoloweka pambali pa wanu. Amayi oyandikana nafe anali panja akuyanika zovala. Achemwali anu anakweza mawu kuti aliyense amve: "Akazi a masiku ano, mwamuna akangolowa ndende amayamba kugulitsa zida, kenako bedi." Ine ndinali ndi ndowa m'manja. Ndinalowa nayo m'nyumba. Chiyambire tsiku limenelo sitinalankhulane. Tikakumana pamsewu aliyense amapeza choyang'ana mbali ina.

M'shedimo mukutentha monga mwanenera. Dzulo masana ndinaika dzanja pabokosi, linali lofunda ngati chipumi cha wodwala malungo.

Ngati mukufuna kiyi wawo, alembereni nokha. Ine zokagwada pakhomo pawo ayi.

Mkazi wanu.

21 Epulo

Achemwali,

Landirani moni wanga. Muli bwanji? Ana a m'kalasi mwanu akukusiyirani mutu? Nanga alamu anga, msana uja unaleka?

Ndamva kuti pabokosi langa pali loko wanu. Sindikukuimbani mlandu, ndikudziwa kuti munachita pondiganizira. Koma tsopano loko yemweyo akhoza kundisunga muno miyezi ina isanu ndi itatu. Komiti yotulutsa akaidi ibwera mu Novembala, ikufuna kalata ya ntchito, ndipo a Kapitawo salemba kalata asanaone dirilo ikuzungulira. Mabatire ake akangokhala osayenderedwa amafa. Wandifotokozera ndi munthu wodziwa zamagetsi amene tili naye muno.

Simukufunika kulankhula ndi mlamu wanu. Mungopita, mutsegule loko wanu, muime pakhomo ndi maso anu a uphunzitsi aja, iye atchaje inu mukuona. Mukafuna mubwezere lokoyo, bola bokosilo lichoke m'malata muja.

Chimene chikundidya n'chakuti sindikukumbuka mmene ndinawasiyira. Tsiku limene apolisi anabwera kudzatenga mafelemu aja ndinamusungira mnzanga osadziwa kuti ndi obedwa, ndinali nditangofika kuchokera kuntchito. Kodi ndinachotsa batire mu dirilo? Akuti lotsalira m'chida limatha msanga. Kodi Mzime ndinali nditamutchaja? Ndimayesa kukumbukira ndikupala matabwa ku wekishopu ya kuno, mpaka dzana ndadzicheka chala.

Ndiyankheni msanga, Achemwali.

Ine mlongo wanu.

19 Meyi

Mlongo wanga,

Kalata yako yafika itatha masabata atatu m'njira, ili ndi chidindo cha ndende pamwamba penipeni, moti wogawa makalata kusukulu kuno wadziwa mbiri yonse ya banja lathu. Zikomo kwambiri. Ife tili bwino. Alamu ako msana ukadali womwewo, koma pakudya sudwala.

Ndikuyankhe mwadongosolo. Choyamba, ndinakulera ndine, ndipo puleni yako yoyamba yopalira matabwa ndinakugulira ndine, uli kamnyamata kosadziwa kunola pensulo. Chachiwiri, pakhonde la khoti, uli ndi unyolo m'manja, unandinong'oneza kuti: "Achemwali, zida zanga ndasiyira inu. Wina aliyense asazikhudze." Wina aliyense. Loko uja sindinaike chifukwa cha nkhanza, ndinachita zimene unandipempha.

Chachitatu, nkhani ya zinthu zokalamba zili m'bokosiyi sikundilowa. Ndili ndi mbale za ukwati wanga m'kabati zaka makumi awiri, zikadali zatsopano. Chinthu chosungidwa chimasungika. Katswiri wakoyo, nzeru zakezo ndi zimene zamufikitsa mmenemo? Ine ndikuona kuti pali munthu amene akufuna bokosi litseguke, ndipo wadzera kwa iwe chifukwa akudziwa kuti mawu akuti ayi m'kamwa mwako sanamere. N'zomwezo zinakulowetsa m'ndende.

Kiyi ali pamalo abwino. Tsiku limene a Kapitawo adzafune kuona zida ndidzabwera ndekha, ndipo adzazipeza monga unazisiyira.

Uzidya, ngakhale chakudyacho chili choipa.

Ndine mlongo wako amene anakulera.

10 Juni

Mayi a Mafunso,

Moni kwa iwe ndi mwana. Ndilipo, chala chikupola.

Achemwali akana. Ndiwalemberanso, koma nthawi ikutithawa, kwatsala masabata makumi awiri ndi awiri. Ndiye mvera. Bokosilo ndinapanga ndine, ndipo ndikuululire ulesi wanga: mahinjesi ndinawaika kunja, kumbuyo. Kumbali ya chivundikiro pali masikuluwu anayi okha. M'dirowa ya kukhitchini muli sikuludiraiva ya chigwiriro chofiira. Ukawamasula, chivundikiro chitsegukira chakumbuyo, maloko onse awiri ali pomwepo, osakhudzidwa. Palibe amene angati wathyola kanthu. Ndachita manyazi kuti sindinaganize zimenezi mu Epulo.

Wamagetsi wawonjezera izi. Utchaje masana, pansi pa simenti, uli pomwepo. Chaja ikayatsa kanyali kobiriwira ndiye kuti yalandira. Ikamaphethira kofiira ndiye kuti yakana, ulichotse. Pamenepo pabwera anthu anzeru zawo kuti tilidzutse ndi mawaya kuchokera ku batire la galimoto. Usalole, ngakhale atalumbira. Batire limene lagona nthawi yaitali lopanda moto likakakamizidwa limatha kuyaka, ndipo moto wake suzima wamba. Ndisataye nyumba ndi anthu anga chifukwa cha dirilo.

Masiku ano sindicheza ndi anthu. Anzanga akuti ndasanduka mbusa wa mabatire, chifukwa aliyense wobwera kumene ndimamufunsa kuti foni yake anaisiya ili ndi moto wochuluka bwanji. Amaseka, inenso ndimaseka nawo.

Ndiyankhe tsiku lomwelo.

Mwamuna wako.

7 Julaye

Bambo a Mafunso,

Tilipo. Mwana anali ndi chimfine, chatha.

Ndinayesa. Masikuluwu aja achita dzimbiri, sakutembenuka. Ndasiya.

Koma ndili ndi funso. Pamalo okwerera basi ndinakumana ndi alamu anu, amuna a achemwali anu. Munthu wabwino, wotopa ndi nkhani za pakhomo pake. Anandipatsa moni akuyang'ana uku ndi uku, kenako anati: "Musawaone ngati oipa amayi akunyumba. Mlongo wawo anawauza yekha kukhoti kuti zida wasiyira iwo, wina aliyense asazikhudze."

Ndinaseka mpaka anthu kucheuka. Pakhonde lomwelo, pafupi ndi zenera losweka lija, inu munandigwira chala n'kunena kuti: "Mayi a Mafunso, zida zanga ndasiyira iwe. Wina aliyense asazikhudze." Mawu omwewo, osasintha ngakhale limodzi.

Ndiye wina aliyenseyo ndani? Ine kwa iwo, iwo kwa ine? Chaka ndi theka ndameza chipongwe chija ndikudzitonthoza kuti alankhule, bola mwini wake amandikhulupirira. Ndakwiya, Bambo a Mafunso, ndipo sindikubisa. Ndikasita malaya a anthu kuntchito ndikumatsindika mpaka a bwana andifunsa ngati malayawo andilakwira.

Mkazi wanu, ngati ndi mmene zilili.

29 Julaye

Achemwali, ndi iwe Mayi a Mafunso,

Kalatayi ndalemba kawiri, mawu ofanana, imodzi kwa aliyense, kuti pasakhalenso wonong'onezedwa payekha. Moni nonse.

N'zoona. Ndinanena kwa nonse awiri. Inu Achemwali munkalira, ndipo ndinafuna kuti muleke. Iwe unangokhala chete, ndipo ndinaopa kuti ndi chete wa munthu amene wayamba kale kulongedza. Ndinalibe chopatsa munthu tsiku limenelo koma bokosi limodzi, ndiye ndinalipereka kawiri. Sindinaganize za mawa lake. Wolakwa ndine. Achemwali, mkazi wanga sanagulitsepo ngakhale msomali wanga, ndipo nkhani ya mabatire sanaiyambe ndiye. Mayi a Mafunso, achemwali anachita zimene ndinawatuma.

Mundikalipire ndikatuluka, ndidzakhala pampando n'kumva zonse, wina akatopa wina ayambe. Koma kuti nditulukeko, bokosi litseguke. Tsiku la komiti alengeza, ndi 14 Novembala, ndipo kalata ya ntchito ikhale itafika ku ofesi ya kuno pofika pa 7. Kunjako kwayamba kufunda. Wamagetsi akuti mwezi umodzi wa kutentha m'malata umadya batire kuposa miyezi ingapo ya m'nyumba yozizira.

Ndikupemphani ngati mwana. Mmodzi ayende, wina atsegule chitseko.

Ine wanu nonse.

12 Sepitembala

Mayi a Mafunso,

Moni. Kodi muli moyo kumeneko?

Masabata asanu ndi limodzi popanda kalata, kwa iwe kapena kwa achemwali. Lachiwiri lililonse amaitana mayina a olandira makalata, ine ndimaima kutsogolo ngati ndine woitanayo. Ndafunsa kuofesi ngati asunga yanga, anandithamangitsa.

Kuno kwatentha. Wekishopu yathu ndi ya malata, masana ndimakweza dzanja kukhudza denga, n'kumaganiza za shedi yathu. Anzanga aleka kuseka, angoyamba kundimvera chisoni, ndipo chisonicho chikundipweteka kuposa kuseka kuja.

A Kapitawo alemba kuti adzafika kwanu Loweruka lachitatu la Okutobala, m'mawa. Akuti ali ndi amisiri ena awiri amene akufuna malo omwewo.

Tsopano ndikuopa zinthu ziwiri, ndipo chachiwiricho ndikuchita mantha kuchilemba. Kodi ukadali m'nyumbamo? Ngati unachoka undiuze, ndisamalembere makoma. Ngati ulipo, ndilembere ngakhale mzere umodzi wonditukwana.

Mwamuna wako.

8 Okutobala

Mlongo wanga,

Moni. Tili bwino m'thupi. Khala pansi uwerenge.

Kalata yako ya Julaye ndinailandira mu Ogasiti, ndipo ndinaiika pansi pa mbale zija. Zinandiwawa kuti zimene ndinkayesa udindo wanga zinali zongondipukutira misozi. Ndinati ayambe ndi mlamu wanga, mwana ndi iyeyo. Ndinauma mutu, ndikuvomera.

Chimene chinanditembenuza ndi ichi. Kusukulu kwathu tinalandira makompyuta a m'manja khumi ndi awiri zaka ziwiri zapitazo. A hedi anawatsekera m'kabati kuti ana angawononge, ndipo ine ndinali woyamba kuwayamikira. Sabata yathayi tinawatulutsa, atsopano, ena akadali m'mapulasitiki. Asanu ndi awiri anakana kuyaka. Wokonza atabwera anangofunsa kuti, "Munawatchaja liti komaliza?" Ine ndinatuluka thukuta pomwepo. Sindinamalize ndi kalasi yomwe.

Lamlungu ndinapita kwanu. Mlamu wanga ndinamupeza akusesa. Ndinati, "Ndabwera ndi kiyi." Iye anati, "Shedi mukuidziwa." Ndinayenda masitepe atatu, kenako ndinabwerera. Ndinaitana amayi oyandikana nanu aja, anatuluka ndi thovu m'manja, ndipo ndinanena iwo akumva kuti mawu amene ndinalankhula tsiku lija anali onyansa ndi abodza. Mlamu wanga anatsamiritsa tsache kukhoma, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kiyi wake.

M'shedimo munali ngati mu uvuni. Titatsegula, zonse zinali mwaudongo monga unasiyira, ndipo mtima wanga unayamba kutsika. Koma Nkhalamba inali mu dirilo, Mzime mu sowo. Wapakati yekha ndiye anali padera. Mlamu anadina kabatani ka Nkhalamba, palibe. Ka Mzime, palibe. Anadinanso, n'kupukuta ndi siketi, n'kudinanso. Wapakati anayatsa tinyali tiwiri.

Tinatchajira pasimenti ya pakhonde, titakhala pansi tonse awiri. Nkhalamba, kofiira. Mzime, kofiira. Tinayesa katatu. Alamu ako anayamba nkhani ya mawaya a galimoto, mlamu wanga anawayankha ndi diso lokha, nkhaniyo inathera pomwepo. Wapakati analandira, koma anadzaza mofulumira kwambiri, ndisanamalize ndi kapu ya madzi. Ine ndinasangalala. Mlamu anati kudzaza msanga choncho sikukumusangalatsa.

Lolemba tinatenga awiri akufawo kupita nawo kwa wokonza wa kuseri kwa msika. Anatsegula Mzime, mkati muli timabatire tating'ono tondandalika. Akuti tonse tafa, koma angathe kuikamo tatsopano m'chikombole chomwecho. Vuto n'lakuti ta mphamvu yoyendetsa sowo alibe, ayenera kuitanitsa, ndipo timatenga masabata asanu ndi limodzi. Ndinawerenga pa zala pomwepo. Ndinamupempha, ndinamukalipira, ndinamuuza kuti ndine mphunzitsi. Anati ngakhale ndikanakhala nduna, katunduyo sayendera mawu.

Tawasiya komweko. Chiyembekezo chathu chonse chili pa Wapakati.

Ndikhululukire, mlongo wanga. Mbale si batire, ndaphunzira mochedwa.

Achemwali ako.

22 Okutobala

Bambo a Mafunso,

Moni. Ndilipo, sindinachoke. Kalata yanu ya Sepitembala ndinaiwerenga, koma ndinalibe nkhope yoyankhira.

A Kapitawo anabwera Loweruka monga ananenera. Anabwera ndi chidutswa cha thabwa lolimba ndi masikuluwu m'thumba la malaya. Wapakati tinali titamudzaza m'mawa womwewo. Achemwali anu anawapatsa mpando, anakana. Anaika batire mu dirilo, inalira bwino, liwu lomwe lija linkandidzutsa Loweruka m'mawa. Misozi inalengeza.

Anayamba kukhoma. Ine ndinkawerenga masikuluwuwo chamumtima. Pa lachisanu ndi chiwiri liwu linayamba kutsika. Pa lachisanu ndi chinayi dirilo inaima, sikuluwu lili pakati. Anadina kabatani, kanyali kamodzi, kakuphethira.

Achemwali anu anati, "Titchajenso, sizitenga nthawi." A Kapitawo anati, "Mayi, chitseko chimodzi chimadya masikuluwu oposa awa kawiri, ndipo ine ndili ndi zitseko zana." Ndinawauza za wokonza, kuti awiri enawo akhala bwino pakati pa Novembala. Ndinawaonetsa ndi kapepala kake. Anandimvera mpaka kumapeto, sanali wamwano. Anati anasainirapo munthu wina chinthu chimene sanachione, ndipo anazunzika nazo chaka chathunthu. Akuti mukadzatuluka mudzawapeze, ngati zitseko zidzakhalepo. Anatsanzika mwaulemu n'kusiya thabwa lawo pakhonde.

Tayenda kwa amisiri ena atatu kufuna kalata. Awiri akangomva za ndende akumakumbukira kuti ali ndi ulendo. Wachitatu alibe ntchito iye mwini.

Tsopano ndinene chimene chandiletsa kulemba. Masikuluwu a mahinjesi aja sanachite dzimbiri. Ndinanama. Kalata yanu ya Juni itafika ndinapita m'shedi ndi sikuludiraiva yofiira ija. Loyamba linatuluka mosavuta, lachiwiri, lachitatu. Ndili pa lachinayi ndinaganiza kuti ndikatsegula ndekha, achemwali anu sadzafunikanso kubwera, ndipo mawu aja adzakhala choncho mpaka kalekale, osabwezedwa. Komanso tsiku lina adzamva kuti ndinalowera kumbuyo, adzati, mwaona, ndinanena. Ndinabwezera onse atatu. Ndinamanga bwinobwino.

Ndikanatsegula tsiku limenelo, wokonza akanamaliza mu Ogasiti. Ndawerenga masiku amenewa kambirimbiri, ndipo yankho silisintha. Chipepeso ndachilandira, pamaso pa anthu monga ndinkafunira, koma mtengo wake mukulipira ndinu. Ndikuchita manyazi ndiponso mantha. Sindikudziwa kuti mudzandiyang'ana bwanji.

Mkazi wanu.

19 Novembala

Mayi a Mafunso,

Moni kwa iwe ndi mwana. Uwapatsenso moni achemwali, kalata yawo ndiyankha sabata yamawa.

Komiti inabwera Lachisanu. Tinalowa mmodzimmodzi, titachapa malaya. Anali anthu anayi kuseri kwa tebulo. Anawerenga mbiri yanga, anati ndi yabwino. Mayi wina wa magalasi anafunsa kuti, "Kunja kuli ntchito yokudikirani?" Ndinati, "Inalipo." Anayang'ana m'faelo, anatembenuza pepala, kenako anaitana wotsatira. Zonse sizinathe mphindi zisanu. Pa anthu khumi ndi anayi atuluka asanu ndi anayi. Mmodzi anandisiyira bulangete lake.

Kalata yako ndinakhala nayo masiku ambiri. Ndinakwiya, mpaka chakudya chinkandikanika. Ndinalemba mayankho awiri n'kung'amba, ndipo ndi bwino kuti ndinang'amba. Koma nanenso ndili ndi changa. Masikuluwu a mahinjesi aja ndi amkuwa, ndinasankha dala chifukwa cha chinyontho cha m'shedi. Mkuwa suchita dzimbiri. Nditangowerenga mzere uja mu Julaye ndinadziwa kuti si zoona. Ndikanalemba mawu ochepa chabe, kuti bwerera ukatsegule. Ndinaopa kuti ndikakugwira bodza uli wokwiya kale, uchokeratu. Ndiye ndinakhala chete n'kumapempha mwaulemu, monga ndimachitira nthawi zonse. Miyezi isanu ndi itatu imeneyi tagawana atatu, usaisenze wekha.

Tsopano mvera za ntchito. Mabatire awiri aja akabwera kwa wokonza adzakhala ngati atsopano, ndipo adzafunika kundidikira mpaka Julaye. Asalowenso m'bokosi. Wamagetsi akuti ukhoza kuwasunga pa tinyali tiwiri, koma ine ndatopa ndi zosunga. Uziwagwiritsa ntchito. Chitseko cha kukhitchini chinagwa mbali ndisanamangidwe, yamba ndi chimenecho. Dirilo uigwire ndi manja awiri, chigongono chitsamire m'nthiti, uyambe pang'onopang'ono mpaka sikuluwu ligwire. Ukaphonya usadandaule, ine ndinaboola zala zanga zonse ndisanadziwe. Achemwali ali ndi mashelefu a m'kalasi amene akhala akudandaula nawo zaka zitatu. Mupite nonse, wina agwire thabwa. Wapakati mumusiye kwa wokonza, iye akudziwa kotayira, musamuponye m'zinyalala.

Pali china chimene sindinauze munthu. Dzulo ku wekishopu anandipatsa loko wa chitseko kuti ndiike, ntchito imene kale ndinkachita ndikucheza. Ndinaima ndi tchizilo m'manja, osakumbuka poyambira. Zinabwerera, koma patapita nthawi. Ndikuopa, Mayi a Mafunso. Sindikudziwa kuti Julaye adzandipeza ndili munthu wotani.

Tsiku loona akaidi ndi Lamlungu loyamba la mwezi. Ndikudziwa kuti n'kutali, ndipo ndine ndinakuuza kuti usamavutike ndi ulendo. Ndabweza mawu amenewo. Ubwere. Usatenge sopo, usatenge kanthu, ungobwera.

Mwamuna wako.